Pasipoti ya Namvula

Ana anga akamva ndikuti "chaka cha njala" amadziwa kuti ndayamba ija ya 2002, ya kwathu ku Linthipe, ndipo amatseka makutu ndi timawaya ta foni. Koma ndili ndi njala inanso imene sindiikamba kawirikawiri, chifukwa ndikaiyamba anthu amaseka. Inagwa ku Ulaya konkuno, kuchokera pa mvula ya 2012 mpaka udzu wa 2013, ndipo inali njala ya ng'ombe. Ine inandipeza ndili ku Hull, ku England, wokhuta bwinobwino. Achimwene anga a Levisoni inawapeza ali ku Ireland, pafupi ndi tauni ya Longford, ali ndi chinthu chimodzi chokha chimene ankachitcha chawo: thole lalikazi, lakuda ndi mawanga oyera, dzina lake Namvula.

Ine ndine Binwelo, ndimayendetsa malole. Kuno ndinabwera motsatira akazi anga, mayi a Tadala, amene ndi namwino kuchipatala, choncho mapepala anga ndi olongosoka. Achimwene analowera njira ina. Masiku amenewo Mmalawi ankalowa ku Ireland popanda viza, ndiye iwo anapita ngati mwana wa sukulu, ali ndi imvi kale m'ndevu. Sukulu inawakanika, chilolezo chinatha, iwo anatsala. Anapeza malo pa famu ya a Maiko, nkhalamba yosakwatira, ya ng'ombe makumi awiri ndi mphambu zochepa. Pakati pathu panali nyanja yoti sitima imawoloka maola atatu ndi pang'ono. Ine ndinkatha kupita, iwo sakanatha kubwera.

Juni

Mvula inayamba ngati yocheza. Uwu ndi mwezi umene azungu amaudikira chaka chonse kuti avule malaya, koma chaka chimenecho palibe anavula. Ndinkanyamula matabwa ku doko la Hull kupita nawo ku Leeds ndi ku Manchester, mawaipa a pa galasi akugwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Minda ya m'mbali mwa msewu wa M62 inasanduka madambo.

Lamlungu lina titangochoka ku tchalitchi foni inalira.

"Iwe Binwelo, wakhala pansi?"

Achimwene ankanditchula choncho kuyambira ndili wamng'ono. Ndinakwatira, ndinabereka, dazi linayamba, koma kwa iwo ndinali iwe basi. Mayi a Tadala zinkawanyansa. Ankati, "Munthu wa ana awiri, alamu sangati bambo a Tadala?" Ine ndinkangoseka. Bambo ndi mayi anapita kalekale, ndipo panalibenso wina padziko wonditchula kuti iwe.

"Ndakhala, achimwene."

"Ndili ndi ng'ombe."

Nkhani yake inali yotere. Mu Febuluwale ng'ombe ina ya a Maiko inafa itangobereka. Thole lake a Maiko anali atataya nalo mtima, koma achimwene analilowetsa m'khitchini pafupi ndi mbaula, n'kumaliyamwitsa ndi botolo mpaka linaima. Ndiye m'mawa wa Lamlungu limenelo, ali pa geti, mvula ikuwakhuthukira, a Maiko analavulira m'dzanja lawo n'kugwira dzanja la achimwene. Anati, "Ameneyu ndi wako. Unamulanda kwa imfa ndiwe."

"Kuno akalavulira m'dzanja ndiye kuti yatha," anatero achimwene. "Ngati mmene anayambira bambo, iwe. Ukukumbuka?"

Ndinkakumbuka. Bambo athu anayamba khola ndi thole limodzi, limene anapatsidwa ataweta ng'ombe za munthu wina zaka zitatu. Analiikiza m'khola la munthu yemweyo mpaka linaswana, ndipo panalibe pepala lililonse, mawu okha. Pamene njala ya 2002 inkafika tinali ndi ng'ombe zisanu ndi ziwiri.

Koma ndinkadziwanso china. Woyendetsa lole amakhalitsa m'madoko, ndipo ndinali nditacheza ndi anzanga onyamula ziweto. Kuno ng'ombe iliyonse imavala ndolo zachikasu za nambala m'makutu, ndipo ili ndi khadi lake limene amalitcha pasipoti. Khadilo limalembedwa pa nambala ya khola, ndipo nambala ya khola amapatsa munthu amene ali ndi malo ndi mapepala. Malovu salowa mu kompyuta. Zonsezi zinali pa lilime langa, koma munthu anali akuseka pa foni, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chimwalirireni mayi.

"Mwachita mwayi, achimwene," ndinatero.

Nditaika foni mayi a Tadala anandiyang'ana. "Bwanji simunawauze?"

"Ndi akulu anga. Ndiwauza bwinobwino tikaonana."

Ogasiti

Ndinatenga masiku anayi a tchuthi. Ulendo wake ndi wa kutsika ndi kukwera: sitima ya pamtunda kuchoka ku Hull mpaka Manchester, ina mpaka Holyhead kumapeto kwa Wales, ya pamadzi mpaka Dublin, kenako ya pamtunda yopita ku Sligo, imene imaima pa Longford. Ine Ireland ndinkangoidziwira kwa ansembe a ku mishoni ndi mbatata ya kachewere, imene kwathu ku Dedza timaitcha ayirishi. Ndinkayembekeza dziko la mwanaalirenji.

Ndinapeza tauni yotopa. Mashopu ambiri a mumsewu waukulu anali otseka. Tchalitchi chachikulu chinali chitapsa zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo chinali chozunguliridwa ndi zitsulo za amisiri. Kampu ya asilikali anali ataitseka. Kunja kwa tauni kunali nyumba zatsopano mizeremizere, zopanda makatani, udzu ukumera pa makomo, zomangidwa nthawi ya ndalama n'kusowa wolowamo. Malole ankangodutsa pa msewu wolambalala, ena ku Sligo, ena ku Mayo, osaima.

A Maiko anabwera ndi achimwene kudzanditenga pa siteshoni, pa galimoto yonunkha agalu ndi dizilo. Anali wamtali, wowerama, chipewa chosachoka kumutu. Asanatitengere ku famu anatiimika pa kapinga wina wotchingidwa ndi khoma, kuseri kwa nyumba yosungiramo okalamba.

"Levi akuti kwanu kunali njala," anatero. "Ifenso. Apa panali nyumba ya osauka. Mbatata itawola m'minda, anthu ankabwera kudzafera pa geti. Ali pansi apa, opanda maina. Otsala anakwera mabwato pa ngalande mpaka Dublin, kenako Liverpool. Kuyambira pamenepo tauni ino ntchito yake ndi kutumiza. Ng'ombe ndi ana, zonse timatumiza ku England."

Anavula chipewa, nafenso tinaweramitsa mitu. Achimwene anandinong'oneza, "Waona iwe? Ndi anthu ngati ife."

Ku famu achimwene atangoimba likhweru, kang'ombe kanabwera kakuthamanga m'matope n'kuyamba kunyambita jekete lawo. Titamwa tiyi, a Maiko anatsitsa chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati kuti andionetse makhadi a ng'ombe zawo. Ankawagwira ngati zithunzi za ana. La Namvula linalimo, pa nambala yawo, pa dzina lawo.

"Iwe, taona," anatero achimwene. "Ng'ombe yanga ili ndi pasipoti, mwini wake ndilibe."

Tinaseka tonse atatu. Mpata unali umenewo, ndipo ndinausiya udutse. Ndinadziuza kuti sindingawachititse manyazi pamaso pa abwana awo. Tsiku lobwerera ndinadziuza kuti si bwino kusiya munthu pa siteshoni ndi mawu owawa. Kunena zoona ndinkangochita mantha.

Mvula inagwa masiku onse anayi. Udzu unali chiimire m'minda, wosadulidwa, chifukwa thirakitala ikalowa inkatitimira mpaka m'mimba.

Okutobala

Kumeneko nkhokwe ya mlimi ndi udzu. Amaudula m'miyezi yofunda n'kuukulunga m'mapulasitiki akuda, mabelo aakulu kuposa a fodya, kuti ng'ombe zizidya zikatsekeredwa m'khola nthawi yozizira. Chaka chimenecho anadula mochedwa, wochepa, wamadzi okhaokha. Minda nayo inafewa kwambiri moti ng'ombe anazitsekera nthawi isanakwane. Nkhokwe yaing'ono, kuitsegulanso msanga: aliyense wa ku Linthipe akudziwa kumene zimathera.

Oyandikana nawo anagawanika. Mayi wina wamasiye wa kutsidya kwa msewu anagulitsa theka la khola lake pa mtengo wolira nawo. Ena anati dikirani, udzu umamera mu Malichi, sunalepherepo. A Maiko anafunsa maganizo a achimwene, ndipo achimwene anawauza za 2002, mmene tinaperekera ng'ombe za bambo imodziimodzi kwa mavenda, ng'ombe yathunthu kusinthana ndi chimanga chosatha mwezi, mpaka m'khola munamera bonongwe. "Musagulitse," anatero. A Maiko anamva zimene ankafuna kumva.

Disembala

Mnzanga wa ku ntchito, a Mwanza a ku Chipata, ankapita ku Sligo kawiri pa mwezi ndi katundu wa m'mafakitale. Ndinkagula thumba la ufa pa shopu ya zakudya za kwathu, iwo n'kukalisiya pa malo omwetsera mafuta kunja kwa Longford, achimwene n'kukalitenga pa njinga. Kale thumba limodzi linkawakwanira miyezi iwiri. La Disembala linatha Khirisimasi isanafike.

"Mwatipezera alamu kodi?" ndinawaseka.

"Kukuzizira iwe, munthu amadya."

Febuluwale

Uwu unali mwezi wa mphekesera. Wailesi inali ndi nkhani ya nyama ya hatchi yopezeka m'zakudya zolembedwa kuti ng'ombe, ndipo ku ntchito ankandiseka kuti abale ako a ku Ireland akutidyetsa mahatchi. Ku tchalitchi chathu cha Amalawi kunamveka kuti kumeneko akugwira anthu m'mabasi, ena akuti ayi, akufuna kukhululukira onse opanda mapepala. Kumudzi nako foni sinkapuma: chimanga chakwera, anthu akuswera pa mzere n'kubwerako chimanjamanja, tumizani kanthu. Mashifiti anga anali atachepa, ndipo mtima wanga unali pafupi.

M'kati mwa zonsezi achimwene anapempha matumba awiri.

"Awiri? Achimwene, mukugulitsa kapena?"

"Ungotumiza iwe."

"Kumudzi anthu akugona ndi njala yeniyeni. Inu muli ku Ulaya, buledi ali pa shopu. Mwezi uno ayi."

"Chabwino iwe," anatero. Sanapemphenso, ndipo ine sindinatumizenso. Ndinanyada kuti kamodzikamodzi ndawayankha akulu anga molimba. Pa zonse zimene ndinkayenera kuwauza molimba, ndinasankha ufa.

Malichi

Udzu sunamere. Mphepo inatembenuka n'kumachokera kum'mawa, youma, yoluma, tsiku ndi tsiku. Ife a ku Hull ndi amene timayamba kuilandira ikamatuluka m'nyanja, ndipo inkalowa m'jekete ngati sunavale. Kumapeto kwa mwezi sinowo, chipale chofewa chija, inakuta mapiri a pakati pa Leeds ndi Manchester, ndipo ndinaona alimi akufukula nkhosa m'mbali mwa makoma. Kumene kunalibe sinowo minda inali yotuwa ngati bwalo la mpira la mu Okutobala kwathu.

Lamlungu lililonse ndinkaimba.

"Kuli bwanji uko?"

"Kuli njala iwe. Mabelo atha. Amene ali nawo akubisa, ukapeza ndiye mtengo wake sungaunene."

"Nanga inuyo mukudya?"

"Ife tadya. Zikuvutika ndi ng'ombe."

Anandiuza za lole yonyamula ziweto zakufa. Kale inkaoneka mwa apo ndi apo, koma tsopano inkadutsa m'mawa uliwonse, ndipo anthu ankasuzumira pa makatani kuti aone geti limene ikhotere. Munthu ankachita manyazi ikakhotera kwake. Kwa a Maiko inakhota katatu mwezi umenewo. Ng'ombe zinkalira tsiku lonse, mpaka a Maiko anasiya kulowa m'khola, ankangokhala m'khitchini atakweza wailesi.

Achimwene sanakhale pansi. Anayamba kukwera m'mitengo kukathothola masamba a zoyanga. Kenako anaona chitsamba china cha minga yokhayokha, cha maluwa achikasu, chimene chimakhala chobiriwira chaka chonse m'mphepete mwa dambo. Anachidula, anachiika m'mwala wogoba umene unali kuseri kwa khola, n'kuyamba kusinja ndi mtengo mpaka minga inafewa. Ife tinasinjapo mizu ya nthochi mu 2002, ndiye manja ankadziwa. Akuti a Maiko atamva kugunda anatuluka, anaima nthawi yaitali, kenako anati, "Mwala umenewo ndi wa ntchito yomweyo. Omaliza kusinjiramo anali agogo anga." Atatero anabwerera m'nyumba akupukuta m'maso.

"Nanga Namvula?" ndinafunsa.

"Waima. Ameneyo sagwa ine ndili moyo."

Epulo

Isitala inadutsa, mphepo ili pomwepo. Kumapeto kwa mwezi bwana wathu anatiitanira m'kaofesi kake. Anati ku Ireland akufuna udzu wouma, wina uliwonse, ndipo makopaletivi a alimi akuitanitsa kuchokera ku England ndi ku France. Alimi a m'midzi yozungulira Hull, kumene nthaka ndi youmirako, anali ndi mabelo otsala m'mashedi. Ankafuna madalaivala.

Ndinaimika dzanja ngati mwana wa sukulu. "Ngati pali katundu wa ku Longford, ndipatseni ine."

"Kuli chiyani ku Longford? Palibe amene amapempha Longford."

"Kuli ng'ombe ya kwathu," ndinatero, ndipo onse anaseka.

Meyi

Ndinanyamuka mabelo atasanjikizana mpaka pamwamba, omangidwa ndi malamba. M'kabini munali matumba awiri a ufa amene mayi a Tadala anagula osandifunsa. Pa doko la Holyhead tinapezana malole angapo a udzu, mzere wonse ukununkha khola. Tsiku lachiwiri, nditatuluka mu Dublin n'kulowa msewu wa N4, anthu ankatiimbira mahutala ndi kutikwezera manja. Azungu sanandilandirepo choncho, ndipo ndinadziwa kuti akulonjera udzu.

Pa bwalo la kopaletivi mathirakitala anali atandanda mpaka kunja kwa geti. Amuna akuluakulu, manja m'matumba, osayang'anana. Mayi wina wovala jekete lowala ankaitana nambala za makola, aliyense mabelo ochepa, kaya khola lake ndi lalikulu bwanji. Ndinali nditaganiza zopempha kuti belo limodzi likhale la achimwene, poti wabwera nawo ndine. Nditapempha, mayiyo anandifunsa mwaulemu, "Nambala ya khola lawo ndi chiyani?" Ndinabwerera ku lole.

Achimwene ndinawadutsa kawiri osawazindikira. Munthu anali atatsamira tayala la thirakitala, kapepala ka nambala ya a Maiko kali m'manja, thalauza atamanga ndi chingwe cha mabelo. Masaya analowa, khosi linatalika, zala zinali zong'ambikang'ambika ndi minga. Nkhope imeneyo ndinali nditaionapo kamodzi, ku Linthipe, ndipo ndinkaganiza kuti tinaisiya komweko.

"Iwe Binwelo," anatero. "Wasanduka boma tsopano, ukugawa chithandizo?"

Nditatsitsa katundu ndinawatsatira ku famu. Ng'ombe zinali zitachepa, nthiti zili poyera, ina atairendewetsa ndi malamba kuti iime. Pakona panali Namvula, woonda ndithu, koma maso ali gwa. Pambali pake panali mphika waukulu ndi mthiko, ndipo pa msomali panapachikidwa matumba a ufa opanda kanthu, onse amene ndinatumiza, opindidwa bwinobwino.

"Achimwene, ufa uja..."

"Minga yokha sikanamusunga. Ndinkamuphikira phala n'kusakaniza."

"Nanga inu?"

"Mbatata, tiyi. Penshoni ya mdalayu yonse inkathera ku ng'ombe zoyamwitsa. Ufa utasiya kubwera ndinkamupatsa kaphala kanga ka m'mawa."

Ananena mosadzudzula, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Ndinatuluka, ndinakaima kuseri kwa khola pafupi ndi mwala uja, ndipo ndinalira.

A Maiko anali pa bedi, chifuwa chikulira. Anandigwira dzanja, koma ankanditchula dzina la munthu wina. Chitini cha mabisiketi chinali pamwamba pa kabati pomwe paja.

Potsanzikana ndinalimba mtima. "Achimwene, nkhani ya khadi la Namvula ija. Mdalayu akudwala. Mwina..."

"Mwina chiyani? Munthu analavulira m'dzanja, iwe. Ukufuna ndikamuvutitse ndi mapepala ali pa mphasa?"

Ndinayang'ana chingwe cha m'chiuno mwawo. Munthu amene wadzimana chakudya miyezi isanu ndikanamuuza bwanji kuti wavutikira ng'ombe ya eni? "Ayi, palibe," ndinatero, n'kukwera lole.

Juni wachiwiri

Kunafunda mwadzidzidzi. Udzu umene unakana miyezi itatu unamera ngati akuukoka, ndipo ng'ombe zotsala zinatuluka m'khola zikudzandira. Achimwene ananditumizira chithunzi cha Namvula, mutu uli pansi m'msipu. Anati akangonona pang'ono aonana ndi nkhunzi, chaka chamawa tili ndi ziwiri.

Sabata yomweyo ambulansi inatenga a Maiko. Atatuluka m'chipatala sanabwerere ku famu. Anawapititsa ku nyumba ya okalamba ija, pafupi ndi kapinga amene anatisonyeza. Famu inagwera m'manja mwa mphwawo, mwana wa mlongo wawo, dzina lake Declan, womanga nyumba ku Manchester. Achimwene sanadandaule. Anati kwathunso za malume zimapita kwa mwana wa mlongo, ndipo ameneyo ndi amene amasunga mawu a malume ake. Ine ndinapempha nambala yake ya foni, koma zinanditengera masabata atatu kuti ndiimbe.

Julayi

Declan ndinakumana naye ku Manchester pa nthawi yopuma masana, kunja kwa nyumba imene ankamanga. Dzuwa linali likuwotcha moti phula linafewa. Sanali munthu woipa. Anandigulira tiyi wa m'kapu ya pepala, ndipo anamvetsera mpaka ndinamaliza, za botolo, za minga, za phala, za malovu.

"Ndikukukhulupirirani," anatero. "Amalume ndi otero. Koma pano sakudziwa ndi tsiku lomwe. Ine si mlimi, ndinachokako ndili mnyamata ngati anzanga onse. Khola likutsekedwa, ndipo ng'ombe iliyonse iyenera kuchoka pa nambala kupita pa nambala. Akulu anuwo nambala ali nayo?"

"Alibe."

"Ndiye ndikanailemba kwa ndani?" Anapukuta thukuta. "Komanso mwachedwa. Lole yazitenga m'mawa uno. Ndinapempha oyandikana nawo kuti awatume ku tauni kuti asaone, ndimati n'kuwachitira chifundo. Zazikazi zazing'ono wagula munthu amene amatumiza kuno ku England, mawa zikwera sitima ku Dublin. Ndiwapatsa kangachepe, asachoke chimanjamanja."

Ndinaika kapu pansi.

"Mukananena chaka chatha amalume ali bwino," anapitiriza, "bwenzi mayi wa kutsidya kwa msewu uja atailemba pa nambala yake n'kumawasungira. Anthu amatero. Ndi pepala limodzi basi. Panalibe amene ankadziwa?"

Ndinakakhala m'kabini ya lole, mazenera otseka, n'kuimba foni. Anayankha msanga.

"Iwe Binwelo, khola lili pululu. Anandituma ku tauni, pobwera geti lotsegula. Ndayenda dambo lonse ndikuimba likhweru. Ku polisi sindingapiteko, ukudziwa. Muimbire mphwawo uja, umuuze kuti kwabwera akuba."

Ndinawauza zonse. Nambala ya khola, khadi, sitima ya mawa. Ndinawauzanso za kangachepe ka Declan.

"Sindinagulitse ng'ombe ine," anatero. Kenako anafunsa, "Akupita naye kuti?"

"Kuno ku England."

"Awoloka?"

"Awoloka. Ali ndi pasipoti."

Mpaka lero sindidziwa chimene ndinanenera mawu amenewo. Achimwene anafunsanso.

"Za nambalazi wazimva lero?"

Ndikanatha kunama, ndipo akanandikhulupirira. "Ayi, achimwene. Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira Lamlungu lija munandiimbira, la malovu."

"Usanabwere kudzamuona. Mvula isanathe. Minga isanayambe."

"Inde."

Kunja makina a amisiri anayambanso kulira, nthawi yopuma itatha. Ndinadikira kuti andikalipire, anditukwane, andikumbutse kuti ankandibereka kumsana popita ku dimba. Ndikanalandira zonsezo ndi manja awiri.

"Zikomo, bambo a Tadala," anatero achimwene. "Mwachita bwino kundiuza. Mupereke moni kwa mayi ndi ana."

Papita zaka. Envelopu ya Declan anaibweza yosatsegula, ndipo anasamukira ku tauni ina kumene amathyola bowa m'mashedi. Timalankhulana pa Khirisimasi ndi pakagwa maliro kumudzi, mwaulemu wonse. Ine ndikadali pa M62, ndipo ndikaona ng'ombe zakuda za mawanga oyera m'munda phazi limachoka lokha pa mafuta, ngakhale ndikudziwa kuti ng'ombe ya mkaka saisunga zaka zonsezi. Mayi a Tadala anapeza zimene ankafuna, ndipo sazitchulanso. Foni ikalira n'kuona dzina la achimwene, ndimayankha koma ndimayamba ndakhala chete, kuti mwina aiwale n'kunena kuti iwe. Sanaiwalepo.